Mwana Akamaonda Nkhokwe Ili Yodzaza

Ntchito yanga ndi yoyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ophera nyama m'boma lino la Mchinji. Anthu akandiona ndikutsika panjinga yamoto buku lili m'manja amadziwa kuti ndadzera zaukhondo, ndipo ena amathamangira kukasesa kuseri kwa nyumba. Koma tsiku lina m'mwezi wa August chaka chatha, nditatha kuona chitsime m'mudzi wina wa kumpoto kwa boma lino, mayi wina anandikodola nanditengera pambali, pafupi ndi nkhokwe. Nkhokweyo inali yodzaza, ndipo pakhonde panali matumba a mtedza osasoka pakamwa.

"Bambo a zaumoyo," anatero mayiyo motsitsa mau, "ndikudziwa kuti si ntchito yanu, komabe tandionerani mwana wanga. Akutha ngati sopo, chonsecho ufa ulimo m'nyumba muno."

Mwanayo anali mtsikana wa zaka 15, wa Fomu 2, amene anabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko. Anavala juzi ngakhale kuti dzuwa linali litatentha. Anagwada kundipatsa moni mwaulemu wonse, koma podzuka anachita kugwira khoma. Amayi ake anati tsiku lonse amadya mbamu zitatu kapena zinayi za nsima ndi masamba ofutsa, nakana mtedza, mafuta ndi nyama, ndipo akamukakamiza amalira kapena kunena kuti wadya kale kwa agogo ake. Chodabwitsa n'chakuti iyeyo ndiye ankaphikira banja lonse, namaomolera azing'ono ake mitanda ikuluikulu.

Ine ndinalakwa tsiku limenelo, ndipo ndikuulula poyera kuti ena asalakwe momwemo. Ndinamukalipira. Ndinamuuza za njala ya 2002, pamene Mchinji linali limodzi la maboma amene anazunzika koposa, anthu akudya madeya ndi zitsa za nthochi, nagulitsa mbuzi ndi ziwiya zao pamtengo wotsika zedi kuti apeze kambale ka ufa. Ndinati munthu wokana nsima ikupezeka ndi wosayamika. Mtsikanayo anangowerama, misozi ikugwera pachitenje, ndipo madzulo ake sanadye konse. Ife amene tinaona njala ndi maso timavutika kukhulupirira kuti pali nthenda yochititsa munthu kuopa chakudya. Koma ilipo, ndipo imapha.

Zimene banja linaganiza poyamba

Kwathu kuno munthu akayamba kuonda, maganizo a anthu amathamangira ku kachilombo ka HIV. Makolo a mtsikanayu anali atamuyezetsa kale kawiri, ndipo sanamupeze nako. Azakhali ake, atamva kuti wasiya kusamba kwa miyezi inayi, anati ali ndi pakati ndipo akubisa. Zimenezinso sizinali zoona. Kenaka agogo ake anatchula tsempho. Owerenga ambiri akudziwa zimene akuluakulu amanena, kuti mwana akamaonda natupa mapazi ndiye kuti wina mwa makolo ake sanasunge mwambo wa m'banja. Bambo wa mtsikanayu amachita malonda owolotsa katundu kupita ku Chipata, motero chala chinaloza iyeyo. Atsibweni a mwanayo, monga eni mbumba, anaitanitsa ankhoswe. Mbuzi imodzi inapita kwa sing'anga. Masabata asanu ndi limodzi anatha akuluakulu akuweruza mlandu, ndipo m'masabata onsewo panalibe amene anakhala pansi ndi mwanayo panthawi ya chakudya.

Nthenda imeneyi ili ndi dzina

Madokotala amaitcha anorexia nervosa. M'nkhani ino ndiitchula kuti nthenda yodzimana chakudya. Amene anaipatsa dzinali ndi Sir William Gull, dokotala wa ku London, m'chaka cha 1873, ndipo chaka chomwecho dokotala wina wa ku Paris, Charles Lasègue, anafotokozanso za odwala otere. Gull analangiza kuti wodwalayo azifunditsidwa bwino ndi kupatsidwa mkaka, msuzi, mazira, nsomba kapena nkhuku maola awiri alionse, popanda kudikira kuti iye mwini afune. Papita zaka zoposa 150, koma mfundo imeneyi sinasinthe kwenikweni.

Ndi nthenda ya maganizo imene imaononga thupi. Kawirikawiri imayamba munthu akangotha msinkhu, makamaka mwa atsikana, ngakhale kuti anyamata nawonso amadwala. Wodwalayo amachepetsa chakudya mwadala, ndipo akamaonda mantha ake amakula m'malo mochepa. Amamva kuzizira, tsitsi limathothoka, pamsana ndi m'mikono pamamera tiubweya tofewa, mtima umagunda pang'onopang'ono, mafupa amafooka, ndipo mtsikana amasiya kupita kumwezi. Palinso nthenda inzake yotchedwa bulimia nervosa, imene Gerald Russell anaifotokoza mu 1979. Wodwala imeneyi amadya chakudya chambiri mobisa panthawi imodzi, kenaka amadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Iyeyu sangaoneke woonda, koma masaya amatupa, mano amadyeka, ndipo chakudya chimasowa m'nyumba mosadziwika bwino.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati imeneyi ndi nthenda ya azungu olemera. Koma mu 1984 madokotala awiri, Buchan ndi Gregory, analemba za mtsikana wakuda wa ku Zimbabwe amene anadwala nthendayi. Mu 2004 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa kumidzi ya ku Ghana, kumene anayeza atsikana 668 a sukulu za sekondale, napeza 10 amene anaonda kwambiri popanda chifukwa china koma kudzimana chakudya. Atsikana amenewa sankanena zoopa kunenepa ayi. Ankati akusala kudya chifukwa cha mapemphero, ndipo ankaona kuti akuchita chinthu chabwino. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife, pakuti kusala kudya ndi chinthu cholemekezeka pakati pa Akhristu ndi Asilamu omwe. Mwana amene kusala kwake kulibe tsiku lomasula, amene amasala yekha anzake a mumpingo akudya, makolo ake akambirane ndi abusa, ansembe kapena shehe, ndipo mtsogoleri wanzeru adzamuuza kuti wodwala sasala.

Ku Fiji, dziko la zilumba kumene anthu ankatamanda thupi lodzaza monga timachitira ife, wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Chaka chimenecho Anne Becker ndi anzake anafunsa atsikana a sukulu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzisanzitsa kuti aonde. Pofika 1998, atsikana 11 mwa 100 alionse anavomera kuti amatero. Ana athu lero safuna wailesi yakanema kuti aone zithunzi zotere. Foni imodzi m'chipinda chogona atsikana makumi atatu imakwanira, ndipo poyendera misika ndakhala ndikuona timapaketi ta tiyi amene amati ndi woondetsa, topanda ndi dzina lomwe la amene anapanga. Komabe tisanamize foni yokha. Ana ambiri amaona zithunzizo osadwala. Nthendayi imayenda m'magazi a mabanja ena, ndipo imakonda ana ankhawa, omvera, akhama pasukulu, amene safuna kulakwitsa kanthu. Mtsikana amene ndikunenayu ankakhala nambala wani kuyambira Sitandade 5. Anayamba kusiya phala la m'mawa anzake atamuseka kuti yunifomu yamuthina.

Yambani ndi chipatala

Palibe kholo limene lingadziwe palokha kuti mwana ali ndi nthendayi, pakuti matenda oondetsa ndi ambiri: chifuwa chachikulu, HIV, shuga, njoka za m'mimba, matenda a chithokomiro, ndiponso kukhumudwa kwakukulu. Onsewa ayenera kuyezedwa. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi Mkanda, Kochilira, Kapiri, Guilleme kapena Ludzi, ndipo mukalowe naye limodzi mwanayo kwa dokotala. Mukamusiya yekha adzanena kuti amadya bwino, kapena kuti m'mimba mumamupweteka, nabwerako ndi mapiritsi a zilonda za m'mimba. Inu mufotokoze zimene mumaona: kuchuluka kwa chimene amadya, zakudya zimene amakana, ndi mwezi umene anasiya kusamba. Ngati matenda enawo sanapezeke, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma ku Mchinji kuti mukaonane ndi woona za matenda a maganizo. Zikavuta, odwala amatumizidwa ku Lilongwe, kumene kuli Kamuzu Central Hospital ndi a St John of God. Inu a m'malire amene nthawi zina mumapita ku Mwami, tsidya la Zambia, musaiwale kabuku ka kuchipatala, kuti sikelo ya mwana ilembedwe malo amodzi.

Zizindikiro zina sizidikira kuti kuche. Mwana akakomoka, akalephera kudzuka pansi popanda kugwira kanthu, akatupa mapazi, akakana ndi madzi omwe, akasanza magazi, kapena mtima wake ukamagunda kosafika 50 pamphindi imodzi, mutengeni tsiku lomwelo. Mwana wofika pamenepa sayenera kuyambira kunyumba kudya kwambiri. Thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira chakudya chochuluka mwadzidzidzi, michere ina ya m'magazi imatsika msanga, ndipo mtima ukhoza kuima. Amayi amene anagonapo ndi mwana m'chipinda cha ana onyentchera akukumbukira kuti anamwino amayamba ndi mkaka wochepa mphamvu, pang'onopang'ono, chiponde chisanabwere. Chifukwa chake n'chomwechi.

Ndinenenso china chimene sitikonda kuchitchula. Mwa matenda onse a maganizo, nthendayi ili m'gulu la amene amapha kwambiri, ndipo mwa anthu asanu amene amafa nayo, mmodzi amachita kudzipha. M'nyumba zathu za alimi mankhwala a m'munda, a m'nkhokwe ndi a makoswe amangokhala pawindo. Atsekereni, kiyi asunge bambo kapena mayi. Mwana akanena kuti kuli bwino kufa, musamuseke kapena kumukalipira. Mufunseni modekha, musamusiye yekha, ndipo mukauze a chipatala.

Mbale yakeyake

Mtsikana wathuyu anagona m'chipatala masabata awiri. Atatuluka, namwino amene ankamuona anaitana makolo onse awiri, ndipo ine ndinaperekeza monga munthu amene amafika m'mudzimo. Mau ake oyamba anali akuti palibe amene analodza mwanayo, palibe amene anamusempha, ndipo mwanayo sakuchita mwano. Anati kuyambira tsiku limenelo nsima ndiyo mankhwala, ndipo opereka mankhwalawo ndi iwo awiriwo.

Malangizowa ali ndi maziko ake. Pachipatala cha Maudsley ku London, madokotala anayesa kuthandiza odwala otere pamodzi ndi mabanja ao, ndipo mu 1987 anaonetsa kuti achinyamata amene anayamba kudwala ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo, ndipo nthendayo isanathe zaka zitatu, amachira bwino makolo akatengapo mbali kusiyana ndi pamene dokotala akulankhula ndi wodwala yekha. Njira imeneyi lero ndiyo imayesedwa poyamba kwa achinyamata m'maiko ambiri. Makolo amatenga udindo wonse wa chakudya, monga ankachitira mwanayo ali wamng'ono, ndipo amamubwezera udindowo pang'onopang'ono thupi likabwerera.

Wina angafunse kuti bwanji osayamba ndi kukonza maganizo ake. Yankho linapezeka kalekale. M'zaka za 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota ku America anatenga anyamata 36 athanzi labwino amene anadzipereka okha, nawapatsa theka la chakudya chao kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwao. Anthu amene anali ansangala anasanduka aukali ndi odzipatula, namangoganiza za chakudya usana ndi usiku, ena kumadula chakudya m'tizidutswa ndi kuchidya kwa maola. Njala yokha inasintha khalidwe lao. Ndiye kuti liuma limene mukuliona mwa mwana wanu, mbali yake yaikulu ndi ubongo wanjala. Kukambirana naye zifukwa asanadye kuli ngati kuthira madzi m'dengu.

Tsono m'nyumba ya kumudzi zimenezi zimachitika motani? Mwambo wathu ndi wakuti amayi ndi atsikana amadyera mbale imodzi, abambo ndi anyamata kwaokha. Mwambowu ndi wabwino, koma umabisa wodwala. Pambale ya anthu asanu, mtsikana akhoza kupotokola mbamu imodzi mpaka anzake atamaliza, ndipo mbale ikayera aliyense amayesa kuti onse adya. Motero chinthu choyamba chimene banjali linachita ndicho kumupatsa mbale yakeyake ya nsima ndi ya ndiwo. Anamuchotsanso kukhitchini. Wophika ndi woomola anali amayi ake, ndipo muyeso sunali wokambirana.

Ankadya katatu patsiku, ndi zoonjezera katatu pakati. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena la soya. Cha m'ma 10 koloko mbatata kapena nthochi ndi kapu ya thobwa. Masana nsima ya nyemba, usipa kapena mazira, ndi masamba otendera. Chakumadzulo mtedza wokazinga kapena peyala, usiku nsima, ndipo pokagona kapu ya mkaka ukapezeka. Palibe chimene anagula kutauni. Mtedza umene boma lathu limatchuka nawo ndiwo unagwira ntchito yaikulu, pakuti uli ndi mafuta ndi zomanga thupi zambiri m'kambale kochepa, ndipo mimba imene yazolowera njala imavutika ndi mulu waukulu wa nsima.

Kulemba zimenezi n'kosavuta. Masiku oyamba chakudya chimodzi chinkatenga ola lathunthu ndi kupitirira. Mwana amene sanayankhepo makolo ake chibadwire anataya mbale pansi, nauza amayi ake kuti amamuda. Amayiwo anatola mbaleyo, naomola mtanda wina. Namwino anawaphunzitsa mau ochepa oti azibwereza: "Ndikudziwa kuti ukuopa, mwanangu. Ndili pompano. Tenga mbamu ina." Analetsa kumenya, kuopseza, kunyengerera ndi ndalama, ndiponso kulalikira za njala monga ndinachitira ine. Akatha kudya, wina ankakhala naye ola limodzi, akusenda mtedza kapena kucheza, kuti asapite kuseri kukasanza. Anamuletsa kutunga madzi, kusinja ndi kupalasa njinga mpaka sikelo itakwera.

Bambo uja ndiye anandidabwitsa. Poyamba anati kudyetsa mwana wamkazi wotha msinkhu ndi ntchito ya amayi ndi azakhali. Koma nthendayi ndi yochenjera: ikaona kuti kholo limodzi ndi lofewa, imathawira komweko. Mtsikanayo ankati akakana nsima kwa amayi ake, amapita kwa agogo ake amene ankamumvera chisoni namulola kumwa tiyi yekha. Pamene bamboyo anayamba kubwera ndi mpando wake madzulo alionse nakhala pamphasa ya akazi, anthu a m'mudzi anaseka, koma kuzembako kunatha. Atsibweni aja anaitananso banja lonse, ulendo uno kuti agwirizane mau amodzi, ndi kugawana masiku oti wina azitsala pakhomo masana ena akapita kumunda. Nthawi ya dzinja, pamene manja onse afunika kumunda, kusiya munthu wamkulu pakhomo ndi nsembe yaikulu. Banjali linachepetsa munda wa soya chaka chimenecho.

Kuyeza sikelo kunkachitika kuchipatala kamodzi pasabata. Kunyumba mwana otere akamaonjezera pafupifupi theka la kilogalamu pasabata, zikuyenda. Musamuyeze pasikelo ya mavenda ogula mtedza. Kupatula kuti zambiri mwa izo n'zokayikitsa, zimene alimi akudziwa kuposa ine, mwana akazolowera kudziyeza yekha tsiku ndi tsiku mantha ake amakula.

Mau oti "wanenepa"

Patatha miyezi itatu masaya anayamba kubwerera. Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikondi anamugwira dzanja nati, "Ee, koma ndiye wanenepatu! Mulungu ngwabwino." Kwa ife amenewa ndi mau oyamikira, ndipo palibe amene angawanene ndi mtima woipa. Kwa mwana wodwala nthendayi ndi mkondo. Anakana chakudya masiku awiri, ndipo zimene makolo anamanga m'masabata atatu zinagwa. Kuyambira pamenepo amayi ake anayenda kwa achibale ndi kwa amayi a mumpingo, nawapempha kuti asanene kanthu za thupi lake, kaya kuonda kaya kunenepa. Wofuna kumuyamikira anene kuti wakondwa kumuona, kapena amufunse za sukulu.

Kuti achite zimenezi, amayiwo anayenera kuulula kuti mwana wao ali ndi nthenda ya maganizo, ndipo tikudziwa dzina limene anthu amapereka kwa odwala otere. Ena ananena ndithu kuti wapenga ndi maphunziro. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mayiyu anasankha kunyozeka. Iye mwini anaonda m'miyezi imeneyo, ndipo kangapo ndinamupeza akulira kudimba. Kholo lodwazika mwana otere limafunanso wina wolipumitsa. Azing'ono a wodwalayo nawo asaiwalike, pakuti amaona mazira ndi mkaka zikupita kwa mmodzi, ndipo ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'mau oti amve.

Sukulu anaphonya teremu yathunthu. Ichi chinamupweteka kuposa china chilichonse, ndipo makolo anachigwiritsa ntchito bwino: sanamuopseze nacho, koma anamuuza zoona, kuti dokotala adzamulola kubwerera thupi likalimba. Mu January anayamba sukulu yoyendera ya pafupi, kuti azidya kunyumba m'mawa ndi madzulo, ndipo mphunzitsi wina wamkazi anavomera kukhala naye panthawi ya chakudya chamasana. Kusamba kunabwerera mwezi wa March. Chimenechi ndi chizindikiro chabwino chakuti thupi lapeza mphamvu, koma maganizo amatsalira m'mbuyo kwa miyezi yambiri, nthawi zina chaka ndi kupitirira, ndipo nthendayi imakonda kubwerera panthawi ya mayeso, ya maliro kapena yosamuka. Namwino amamuonabe mwezi ndi mwezi, ndipo tsopano amakambirana naye za nkhawa zake payekha.

Ndinapitakonso m'mudzimo mwezi wa May, anthu akukumba mtedza. Bambo uja anatulutsa kabuku ka kuchipatala m'jumbo nandionetsa manambala: makilogalamu asanu ndi anayi kuposa tsiku limene anagonekedwa. Mtsikanayo tsopano amadziomolera yekha masana, amayi ake akuyang'ana chapatali, koma chakudya chamadzulo akadali kumuomolera. Mafuta amawaopabe, ndipo nyama ya nkhumba sanayambe kuidya. Ndinamupepesa chifukwa cha mau anga a tsiku loyamba. Anaseka pang'ono nati, "Palibe kanthu, bambo, agogo ananena zoposa pamenepo." Kenaka anandiperekeza kuchitsime chija, chimene ndinapeza chikadali chosavundikira, ndipo ndinalembanso m'buku kachitatu.